Tsiku Limene Chinkhope Anaseka

"Mukumuona? Waseka," ndinatero ndikuomba m'manja pafupi ndi bedi. "Zaka makumi atatu ndikuvutika naye munthu ameneyu, lero ndamupeza."

Chinkhope, mwana wa mchimwene wanga, anali atagona chagada, mano onse pamtunda, nsidze zitakwera. Dzinalo ndinamupatsa ndine, poti anabadwa atakwinya nkhope ngati kapitawo wopeza antchito akugona. Mayi ake atamwalira ndinamulera ndekha. Ndinamuvinirapo nditavala poto kumutu, ndinamubisirapo chule m'nsapato, pa ukwati wake ndinanamizira kukomoka. Iye ankangoti, "Azakhali, kulani." Atakula anakhala wowotcherera zitsulo, ntchito yomuyenera, chifukwa nkhopeyo inkabisala kuseri kwa chigoba tsiku lonse.

Mkazi wake anaima pakhomo ndi kapu ya tiyi yemwe anali atazizira.

"Azakhali, kuyambira dzulo sakutha kuyasamula. Khosi lauma gwa. Tipite nawo kuchipatala."

"Chifukwa cha kamsomali anaponda sabata yatha kaja? Bala lake linatseka kale, udzudzu umaboola kuposa pamenepo. Wodwala saseka, mwanawe. Akufuna kupuma ntchito basi."

Ndinayamba kutsanzira mayendedwe a mayi wa nyumba yoyandikana nafe, matako uku, mutu uko. Chinkhope anandiyang'anitsitsa, misozi ikutsikira m'makutu. Ine ndinati ndi misozi ya phwete.

Mtsikanayo anandimvera, poti ndine wamkulu. Tsiku lathunthu linapita. M'mawa mwake chitseko chitamenyeka ndi mphepo, thupi lonse la Chinkhope linapindika ngati uta, pamatiresi pangotsala mutu ndi zidendene.

Kuchipatala dokotala sanadikire zoyeza. Anangomuona n'kunena kuti ndi kafumbata.

"Nsagwada zinayamba liti kuuma?"

"Dzana," anayankha mkazi wake, osandiyang'ana.

Anamugoneka m'chipinda chotseka makatani. Nesi anandikokera pambali. "Amayi, mukalowa muzikhala chete. Phokoso lililonse limamukoka minofu." Ine amene ngakhale pamaliro amandikhazika kumbuyo kuti ndisaseketse anamfedwa, ndinakhala pampando ngati thumba la simenti.

Madokotala anang'amba phazi lija, natumiza zomwe anachotsamo ku labu, kumene amayeza magazi ndi mafinya. Tsiku lachinayi chete anandikwana, ndinakagogoda kumeneko.

"Ndabwera kudzaona wakuba amene akundibera mwana," ndinatero.

Mayi wa m'labu, wamagalasi okhuthala, anayamba wakana. Nditatchula bedi la Chinkhope anandiveka chovala choyera n'kundilowetsa. Anandilozera chitini chachitsulo, chivundikiro chake chomangidwa zolimba.

"Tizilombo ta m'phazi lake tinatidzala m'mbale, n'kutsekera umu titachotsamo mpweya wonse. Tizilombo timeneti mpweya umatipha. Nthawi zambiri sitimera n'komwe, koma iti tamera."

"Sitipuma? Ndiye timakhala kuti?"

"M'bala lakuya, lotseka msanga pamwamba."

Mawu amenewo anandikhala pachifuwa. Kenaka anandiweramitsa pa makina ake okulitsa zinthu. Ndinatsinzina diso limodzi, ndipo ndinaona timitengo ta machesi titamwazika, kalikonse ndi kamutu kake kobulungira.

"Machesi?" ndinafunsa. "Mwana wanga amapinda zitsulo ndi manja, ndiye agwetsedwe ndi machesi?"

"Kamutuko ndi njere. Imagona m'dothi zaka zambiri, dzuwa osaipha, kudikira msomali woti iukwere. Ikalowa m'thupi imamera, n'kuyamba kutulutsa poizoni."

"Poti mwawagwira, achira."

"Tangowadziwa dzina, amayi. Mankhwala amagwira poizoni amene akadali m'magazi. Amene walowa kale m'mitsempha samufikira."

"Nanga kuseka kuja?"

"Si kuseka. Ndi minofu ya m'masaya ikukokedwa."

Sukulu ndinalekera kalasi yachiwiri, koma kuwerenga masiku ndimatha. "Tikanabwera naye tsiku lija mkazi wake ananena, bwenzi zili bwanji?"

Anavula magalasi nayamba kuwapukuta ndi nsonga ya chovala chake. Anapukuta, napukutabe. Ndinamusiya akupukuta.

Masiku otsalawo ndinkakhala pambali pake osatulutsa liwu. Ankandiyang'ana ndi maso a munthu womira m'madzi, kukamwa kuli mwee. Tsiku lina ndinafuna kumutsitsa milomo ija ndi zala, koma nesi anandigwira dzanja, akuti ngakhale kumukhudza n'kumuzunza.

Anatisiya tsiku lachisanu ndi chinayi, masana, kunja anthu akukolopa khonde. Mkazi wake anagwada n'kubisa nkhope m'bulangeti. Ine ndinkangoyang'ana. Pang'onopang'ono masaya anamasuka, milomo inaphimba mano, nsidze zinatsika n'kukumana pakati monga kale. Inali nkhope ija yomwe ndinainyamula m'kansalu tsiku lobadwa, yokwinya, yosakondwa ndi aliyense. Ndinasendeza mpando pafupi, n'kudikira kuti andiuze ndikule.