Nthochi za Pansi pa Tebulo

Boma lachikomyunizimu litagwa ku Bulgaria, aliyense m'tauni ya Sliven anasanduka wamalonda. Stoyanka Dineva, mayi wa ana atatu, anagulitsa nkhumba yomwe ankasungira Khirisimasi n'kukwera basi kukaoda nthochi ku Istanbul. Kale chipatsochi chinkaoneka kamodzi pachaka, anthu n'kumachita kukankhana.

Anatsegula galaja, n'kuunjika nthochizo poyera mpaka kudenga. Anavala diresi lopitira kuukwati, n'kumamwetulira ngati ogulitsa a pa TV yakunja mpaka masaya kuwawa.

Palibe anagula. Anthu ankasuzumira, kuona muluwo, kuona mano a Stoyanka, n'kuthamangitsa miyendo. Nthochi nazo sizidikira munthu, zinayamba mawanga akuda. Nkhumba yathunthu inkaola iye akuona.

Mnzake woyandikana naye nyumba, Penka, yemwe anakalambira pamizere ya masitolo a boma, anamuuza mosapsatira kuti chinthu chabwino sichikhala poyera. Chodzaza pashelefu ndi chomwe anthu achikana, ndipo wogulitsa akamaseka ndiye kuti katunduyo ndi wofa.

"Penka, nyamukani ndisanakulaseni nayo imodzi," anatero Stoyanka.

Chifukwa cha mkwiyo anakankhira makatoni onse pansi pa tebulo kuti asamawaonenso. Anakhala pampando, manja atapinda, nkhope ngati wamwa mankhwala.

Masana Penka yemweyo anadutsanso. Anaona shelefu ili mbee, mwini wake atakwinya nkhope. Anaima, kuyang'ana uku ndi uku, kenako n'kuwerama.

"Achemwali, pansipo mwasungira ndani?"

"Palibe kanthu. Zatha."

"Ine ndi inu tinachokera kutali, achemwali. Zinayi zokha."

Stoyanka anazikulunga m'nyuzipepala, n'kukweza mtengo dala kuti amupsetse mtima. Penka analipira osanenerera, n'kuwonjezerapo botolo la jamu wa mapulamu, monga anthu ankachitira kale pothokoza ogulitsa. Analumbira kuti sauza munthu. Anangouza mng'ono wake ndi mayi wokonza tsitsi.

Posakhalitsa mzere unatuluka pageti, kudutsa pogulitsira buledi, kukhotera kuseri kwa positi ofesi. Stoyanka ankakalipa kuti munthu mmodzi kilo imodzi, wodandaula achoke. Anthu ankamva kukoma kukalipidwa, ena ankachita kuthokoza. Bambo wina atafunsa za mawangawo, Stoyanka anamunong'oneza kuti zoterezi n'zomwe ankadya akuluakulu achipani, zachikasu zinali za ife wamba. Bamboyo anabwereranso kumzere atavala chipewa china. Nthawi ndi nthawi Stoyanka ankathamangira kuseri kwa chitseko, kuluma epuloni, kuseka mpaka misozi, n'kubwerera atakwinyanso nkhope.

Katoni yomaliza itapepuka, patsogolo pa tebulo panafika mwamuna wake, Zdravko, chikwama cha ukonde chili m'manja. Poweruka kuntchito anaona mzere kupositi ofesi n'kuimapo monga anazolowera kale, osafunsa chomwe chikugulitsidwa. Anayenda nawo pang'onopang'ono mpaka kudzalowa pageti lake lomwe, ndipo sanachokepo poopa kutaya malo.

"Mkazi wanga, ndaima nthawi yaitali," anatero monong'ona. "Palibe kotsalako?"

Stoyanka anawerama, n'kutulutsa nthochi imodzi yakuda bii, yomaliza yeniyeni.

"Mtengo ndi womwewo, bambo. Fulumirani ndikutseka."

Zdravko analipira, n'kuibisa m'jekete kuti ena asaione.