Chinkhoswe cha Kompyuta ya Fatsani

Ndinalota pabalaza pathu ku Chinamwali pali chinkhoswe, ndipo wolandira alendo ndinali ine. Mipando yathu inali itatuluka yokha kukakhala panja. Pamkeka panakhala amalume a Lemani, amene anali nkhoswe ya banja lathu mpaka pomwe tinawaika m'manda chaka chatha. Anavala jekete lomwe tinawaika nalo lija, ndipo m'khwapa anapanira tambala.

"Tilinane, khala pansi," anatero. "Mwamuna wako akutenga kompyuta ya magemu. Mwambo ukuti wosankha ndi mkazi wamkulu."

Sindinadabwe. Kwa miyezi Fatsani sankakamba china m'nyumba muno koma kompyutayo: yobwera yomangidwa kale, yongolumikiza kumagetsi n'kuyamba kusewera, yosaboola m'thumba koma yamphamvu. Ndinkamva za iyo podya, pochapa, ngakhale pochokera kutchalitchi. Ndinadana nayo isanafike n'komwe.

Fatsani anaima pakona. Anali ndi nkhongo kumbuyo ndi kutsogolo komwe. Ndinamuzungulira, koma kulikonse ndinkangoona tsitsi ndi makutu.

"Nkhope yake ili kuti, amalume?"

"Yatsogola kale. Ili mwa mmodzi mwa akubwerawa. Ukasankha bwino uiona. Ukaphonya, uzolowere nkhongo."

Chitseko cha kuchipinda chathu chinatseguka. Kuseri kwake kunalibe bedi, koma shopu yaitali yonunkha makatoni atsopano. Munatuluka amayi akululutira, akutsogolera anayi ophimbidwa ndi zitenje kuyambira kumutu, monga mmene anandiphimbira ine pa chinkhoswe changa. Tsiku limenelo Fatsani sanazengereze. Anangoyang'ana pansi n'kuloza chala changa chakuphazi chopindika, anthu n'kufa nako kuseka.

Ndinavundukula woyamba. Inali kompyuta yagalasi m'mbali, yodzaza timagetsi tosinthasintha mitundu, mafani ake akuzungulira monyada.

"Ndakuonani, mayi," inatero. "Kukongola mwadzionera nokha, ndipo mtengo wanga ndi wachibale."

"Usatengeke ndi timagetsi," anatero amalume. "Ifunse za khadi ya zithunzi. Ndiyo imakoka gemu."

Ndinafunsa. Kompyuta ija inazimitsa timagetsi tiwiri ndi manyazi. M'kati mwake, pamalo a khadi, panali kanthu kochepa ngati bokosi la machesi, ndipo kankatsokomola.

"Ndimayesetsa, mayi," inatero.

Mtima wanga unakondwa, ndisaname. Ndinati iyi ndiye yabwino: imutopetsa sabata isanathe, abwerera kwa ine ali wofewa. Koma amalume anandigwira mkono n'kundiuza kuti ndisuzumire kaye pagalasi. M'katimo ndinaona Fatsani atakhala pampando, nkhongo itachita imvi. Kamunthu ka m'gemu kanali katakweza mwendo kuti kathamange, ndipo mwendowo unakhala m'mwamba dzinja lonse. Fatsani sanadzuke kubwera kwa ine. Anadikira phee, ndi chipiriro chomwe sanandisonyezepo ndikamavala kuti tipite kuukwati. Nkhope munalibe.

Wachiwiri anali wamkulu ngati firiji, ndipo sanandipatse moni. Nditangokweza chitenje, magetsi a Chinamwali yense anafooka. Makina anga osokera ananyamuka okha kulunjika kukamwa kwake, njinga yamoto ya Fatsani ikutsatira pambuyo, kenako malata a padenga anayamba kuzuka misomali. Ndinabwezera chitenjecho msangamsanga, zinthu n'kubwerera m'malo mwake.

Wachitatu anagwada ndisanamukhudze. Linali bokosi lakuda, lopanda galasi, lopanda kagetsi ngakhale kamodzi.

"Mayi, ine zodzikongoletsera ndilibe," inatero motsitsa mawu. "Kwathu anati zimenezo zipite kukhadi, ndiye khadi yanga ndi yonenepa. Malo osungira magemu alipo okwanira, ndipo mukafuna kuwonjezera m'tsogolo mpata ulipo. Sinditentha thupi, sindisokosa. Ndikadwala chaka chisanathe, akwathu adzanditenga kukandichiza, inu osalipira kanthu."

Amalume anagwedeza mutu mokhutira. Tambala analira m'khwapa mwawo.

Imeneyi ndiyo ndinadana nayo kuposa zonse. Ulemu wake unandinyansa. Yonyada ija ndikanalimbana nayo, koma uyu wogwada, wosadya zambiri, wakwawo kwa anthu olongosoka, ndikanamupezera chifukwa chanji? Ndinayang'ana m'mbali, pansi, kumbuyo komwe kuli mawaya, kufuna kachilema. Sindinakapeze.

Kenako ndinamva kuseka. Kunkachokera m'timabowo topumira mpweya ta m'mbali mwake. Kunali kuseka kwa Fatsani, kuja kothera ndi ntchirikwi, komwe ankaseka tili pachibwenzi tikamakwera phiri la Zomba nsapato zili m'manja. M'nyumba muno ndinali nditaiwala kamvekedwe kake. Ndinaika diso pakabowo. M'katimo munali chigwa chachikulu, mitsinje, misewu ndi magalimoto othamanga mosadodoma, ndipo pakati pa zonsezo panali nkhope ya mwamuna wanga, maso ali gwa, mano onse pamtunda. Sinkayang'ana ine.

Nsanje inandigwira, yowawa ngati ndulu.

"Ndibwezereni," ndinatero.

"Sindinaitenge ndine, mayi," inayankha ili chigwadire. "Inabwera yokha."

Wachinayi sanasunthe chilowereni. Ndinapita pomwe anali, ndipo ndisanagwire chitenje ndinayang'ana pansi. Panali mapazi a munthu. Chala chimodzi chinali chopindika. Anali mapazi anga, ngakhale anga enieni ndinali nditaimira.

Ndinaitana Fatsani kuti abwere. Ndinafuna aloze ngati kale. Anabwera, nkhongo patsogolo, n'kuima pafupi. Anasisita pamwamba pa chitenje ndi chikhatho, n'kugwedeza pang'ono uku ndi uku.

"Lili bwino," mawu anatuluka m'tsitsi. "Silikugwedera."

"N'chiyani chimenechi, amalume?" ndinafunsa.

"Ndi tebulo," anatero amalume. "Poikapo imene usankheyo."

Amayi aja anasiya kululuta. Shopu ya kuchipinda inayamba kuzimitsa magetsi ake, kuyambira kumapeto kubwera kuno. Amalume anaimirira n'kusasa fumbi pajekete, ndipo fumbilo linali dothi lofiira.

"Tchula, mwana wa mlongo wanga, ndipereke tambalayu ndizipita. Kwathu amatseka geti."

Ndinaima pakati pa yagalasi ndi yakuda. Ndikatchula yagalasi, kuseka kuja sakumva wina aliyense, koma inenso nkhope sindidzaionanso. Ndikatchula yakuda, nkhope ibwera, izidzaseka tsiku lililonse pabalaza panga, ine ndikuionera cham'mbali nditasenza mnzangayo pamsana. Zonse ziwiri zinandiyang'ana mwaulemu. Mdima wa m'shopu unafika pachitseko. Ndinatsegula pakamwa, ndipo m'malo mwa mawu munatuluka waya wautali wokhala ndi pulagi kumapeto. Amalume anautola, n'kuyamba kufunafuna soketi pakhoma.

Ndinadzidzimuka ndili pasofa, nditafunda chitenje. Linali Lamulungu masana, dzuwa likulowa pazenera. Mipando yonse inali m'malo mwake. Fatsani anali atakhala kumapazi kwanga, foni ili m'manja.

"Tili, wadzuka? Tandithandiza, mutu waima. Zatsala ziwiri, mtengo ndi umodzimodzi."

Anandionetsa. Ina inali yagalasi ndi timagetsi. Ina inali bokosi lakuda.

Koma ine sindinkayang'ana foni. Fatsani anali atatembenukira kwa ine ndi nkhope yonse, maso, mphuno, kampata ka m'mano kaja, kudikira chomwe ndinene. Sindinakumbuke tsiku lomaliza lomwe anandiyang'ana choncho. Yankho ndinkalidziwa bwino lomwe, ndipo ndinkadziwanso kuti ndikangolitchula, nkhopeyo itembenuka.

"Zimenezi ine sindizitsata," ndinatero. "Tandifotokozerani kuyambira poyamba. Osathamanga."

Anasangalala ngati mwana, n'kuyamba. Ine ndinatulutsa phazi m'chitenje n'kuliika pamiyendo pake. Osayang'ana pansi n'komwe, dzanja lake linapeza chala chopindika chija. Anachigwira akulankhulabe za khadi ya zithunzi, ndipo ndinamva akuchidina kawiri, mmene amadinira mausi pa kompyuta.

Atamaliza ndinamuuza kuti sindinamve, ayambirenso.