Mafuta a ba Josephine

Laputopu ikakana kuyaka, mwini wake amayamba ndi bodza: "Sindinaichite chilichonse." Zaka zisanu ndi zinayi ndikukonza makompyuta m'kashopu kanga kuseri kwa Cairo Road, bodza limeneli ndalimva mpaka kutopa nalo. Koma Nsofwa, mtsikana wa ku Chelstone amene analowa Lachinayi lija thukuta lili kamukamu, ankanena zoona.

"Ba Virginia, nithandizeniko. Nili na intavyu ya pa intaneti pa fifitini, manje yakana kuyaka. Dzulo yenze che bwino."

Chimalizireni digiri zaka ziwiri zapitazo, iyi inali kampani yoyamba kumuitana, ndipo inanenetsa kuti pakhala mayeso olemba pa kompyuta, foni ayi. Kumbuyo kwake kunaima mayi ake, ba Josephine, atakumbatira chikwama pachifuwa. Nthawi inali itapitirira 1 koloko, intavyu ili 3 koloko.

"Nkalani pansi," ndinatero. "Kuno kulibe mashini imene inanigonjetsapo."

Ndinayeza chaja: moto ukutuluka bwinobwino. Ndinasintha soketi, zii. Kuona maso a nkhono n'kudekha, choncho ndinachotsa batire kuti ndikanikize batani loyatsira kwa kanthawi, moto wotsalira utheretu. Chala changa chinaterereka. Ndinachinunkhiza, kenako ndinamasula tizisikuluwu tonse. Pansi pa batanilo panali phala lakuda la fumbi ndi mafuta, litamata kabolodi ka magetsi konse.

"Nindani anathila mafuta umu?"

Nsofwa anandiyang'ana ngati ndamutukwana. Ba Josephine anayang'ana nsapato zawo.

"Nenze kuipemphelela kuseni, iwe uli mu bafa," anatero motsitsa mawu. "Mafuta ya ku chechi. Ninaikako yambili chifukwa nchito ni ikulu."

"Mayo! Zaka ziwili nili pa nyumba, imwe mwanipaila lelo?"

Mayiwo anangokumbatira chikwama chawo. Ndinawamvera chisoni, ngakhale mumtima ndinkafuna kuwakalipira inenso. Chikwama chija chinali cha munthu wogulitsa salaula, zovala za kaunjika, ndipo sindinafunikire kuuzidwa kuti laputopuyo anagula ndani.

"Palibe wamene wapaiwa pano," ndinatero. "Nsofwa, gwila tochi."

Ndinatsuka kabolodi ndi sipiriti ndi mswachi wakale, pang'onopang'ono, n'kukaumitsa ndi mphepo. Ndinabwezera zonse m'malo mwake, batire pomaliza. Nditakanikiza batani, kafani kanayamba kulira, sikirini n'kuwala. Ine sindinadabwe, ntchito yanga ndimaidziwa.

Panali patatsala mphindi makumi awiri. Minibasi ya ku Chelstone ikanamufikitsa kwawo intavyu itatha kalekale. Ndinachotsa zitsulo patebulo, ndinapachika chitenje kubisa mashelefu, ndinamupatsa intaneti yanga. Makasitomala awiri amene ankadikira ndinawauza kuti abwere mawa, adandaule asadandaule.

Ba Josephine ananyamuka mwakachetechete kuti akadikire panja. Ankayenda ngati munthu wothamangitsidwa, osayang'ana mwana wawo. Atagwira chitseko, Nsofwa anawaitana.

"Mayo, mafuta yasalako?"

Anagwedeza mutu kuvomera, mwamanyazi.

Nsofwa anakankhira laputopu kutali, kumapeto kwa tebulo, n'kukweza tsitsi lake pachipumi.

"Bwelani muike apa. Ndine nifuna nchito, osati mashini."

Mayiwo anatulutsa kabotolo ka mafuta m'chikwama n'kukatsegula. Ine ndinagwira laputopu ndi manja awiri mpaka anamaliza kunena ameni.