Geti la Pakona pa Kiln Lane

Bambo anga, a Wilf Kirkbride, anayamba kuonera mpira wa ragibi pabwalo la Kiln Lane m'chaka cha 1958, ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Anasiya Lamlungu pa 16 Epulo 2023. Tsiku loyambalo ndinali ndisanabadwe. Lomalizalo ndinalipo, ndipo ndikumudziwa amene anawasiyitsa.

Amayi atamwalira mu Novembala 2021, bambo analeka kutuluka m'nyumba. Kusitolo ndinkawapitira ndine. Kutchalitchi anasiya, kumowa anasiya, ngakhale kadimba ka kuseri anakataya. Chimene chinatsala ndi Lamlungu limene timu yathu ya Harrowbeck ikusewera kwathu. Tsiku limenelo ankatuluka, kulankhula ndi anthu, kudya bwino, nthawi zina mpaka kuseka. Dokotala wawo anandiuza kuti ndisalole zimenezi kuti zithe. Sanandiuze chatsopano.

Pa Kiln Lane munthu saonera mpira malo amodzi. Timaima kumbuyo kwa mizati imene timu yathu ikulowera, kuti anyamata akamadzagoletsa azibwera molunjika ife. Lipenga la nthawi yopuma likalira, matimu amasinthana mbali, ndiye ifenso timanyamuka. Timadutsa geti la pakona, n'kuyenda m'mbali mwa bwalo kuchoka kumbali ya tawuni kupita kumbali ya chimulu, kumene kuli mulu wakale wa zotaya za mgodi. Ochemerera alendo nawo amabwera chakuno, ndipo timakumana pakati. Mawu amene amaponyedwa pokumanapo si oti ndilembe, koma sindinaonepo munthu akumenyedwa.

Mu 1987 pabwalopo pankakhala anthu 4,000, ndipo ulendowu unkadya nthawi yonse yopuma. Mgodi unatsekedwa, fakitale ya zitsulo inatsatira. Mu 2010 tinali 1,100. Chaka cha 2023 tinachiyamba tili 540. Masitepe a simenti amene kale sankaoneka chifukwa cha miyendo ya anthu anamera udzu. Ukanyoza woimbira mpira ankatembenuka n'kukuyang'ana, popeza ankamva bwinobwino kuti ndiwe.

Mu Januwale akuluakulu a kalabu analemba ntchito Jordan Pell, amene kale ankatsatsa malonda ku Leeds, kuti abweze anthu. Masewero athu anali atayamba kuonetsedwa pa intaneti ndi kamera imodzi yokha, yomangidwa pamlongoti kumbali ya chimulu. Pell anaona kuti tikasamukira uko timakhala pansi pa kamerayo, ndipo imangojambula masitepe opanda munthu. Nzeru yake inali yakuti mbali ya chimulu ifunditsidwe malona a otsatsa malonda, geti la pakona litsekedwe, tonse tiziunjikana pamene kamera ikuona. Nkhaniyi anaiika pa intaneti Lachinayi. Ambiri mwa amuna oima kumbuyo kwa mizati foni amaigwira poimbira ana awo basi.

Lamlungulo tinalowa monga mwa nthawi zonse n'kukaima kumbali ya tawuni. A Hector Southward, mnzawo wa bambo kuyambira kumgodi, anali atafika kale, akudya payi wa nyama.

"Wilf, waona kutsidyako?" anatero akuloza malonawo ndi foloko. "Atiyalira mabedi. Akuti nkhalamba zikatopa zizikagona."

"Ndi otsatsa matayala," ndinatero.

"Matayala achemerera ndani?" anafunsa bambo.

Tinaganiza kuti tikaima kutsogolo kwa malonawo, pachitsulo chotchingira bwalo. Malo analipo ambiri.

Chigawo choyamba chinali choipa. Alendo, a ku Aldercroft, anatsogola 10 kwa 4. Ochemerera awo, odzaza basi imodzi, anali atawakhazika m'shedi. Mpira ukangoima, zokuzira mawu zatsopano zinkabangula nyimbo zovinira, ndipo munthu wosaoneka ankatilamula kuti tikuwe. Bambo anakuwira woimbira mpira kuti, "Abweze mmbuyo amenewo, maso wasiya kunyumba?" koma mawu awo anamira m'nyimbo. Anayesanso, anamiranso. Anapinda manja.

Lipenga litalira, miyendo inanyamuka yokha. Tsikulo tinalipo 512, ndipo pafupifupi mazana awiri tinalunjika kupakona. Getilo tinalipeza lomangidwa tcheni. Pambali pake panaima Craig Rumney, amene anasewerapo timu yathu zaka zisanu ndi zinayi, tsopano ali wachitetezo.

"Tsegula, Craig," anatero bambo.

"Kiyi ndilibe, madala."

"Uli pageti wopanda kiyi? Ndiye ukulondera chiyani, mphepo?"

"Ukusewera unkalephera kugwira munthu mmodzi," anatero a Hector. "Lero wagwira mazana awiri. Wakula, mphwanga."

Craig anayang'ana pansi n'kulankhula pa wailesi yake. Posakhalitsa Pell anafika, atavala jekete la kalabu lomwe linali likadali ndi mizere ya m'pepala limene linagulidwira.

"Akuluakulu, pepani, mbali ija tatseka. Tinalengeza."

"Munalengeza kwa ndani?" anafunsa a Hector.

"Pa tsamba lathu. Onani, tikufuna bwalo lizioneka lodzaza. Anthu akaona pa kanema kuti kuno kuli moto, abwera."

"Anthu ake ati?" ndinafunsa. "Amene abwera ndi awa mwawatsekerawa."

"Mayi, mpira wake ndi womwewo. Muime kuno, muime uko, bwalo silisintha."

Bambo sanakweze mawu. "Mwana wanga, timu ikulowera uko. Ine ndiime kuno ndizionera misana yawo?"

"Ndi chigawo chimodzi chokha, madala. Muzolowera."

"Pamsinkhu wangawu ndazolowera zokwanira."

Pell anamwetulira ngati wamva nthabwala. Anati geti silitsegulidwa, anatithokoza chifukwa chobwera, n'kubwerera kumene anachokera. Mayi wina anamuponyera kapu yapepala koma inagwera pafupi.

"Njira ina ilipo," anatero a Hector. "Tidutse kumsewu."

Kumbali ya chimulu kuli kachitseko kofiira kotulukira kumsewu. Zaka zonse kankakhala kotsegula nthawi yopuma kuti osuta fodya atuluke n'kubwereranso. Aliyense wa ife ankakadziwa, ndipo palibe amene anafunsa ngati Pell ankakadziwanso. Tinatembenuka, kudutsa pakhomo lalikulu, n'kutsika msewu wa Kiln Lane m'mbali mwa mpanda, bambo atagwira mkono wanga. Anali akupuma movutikira koma ankaseka. "Pell timupeza ali kukamwa yasa," anatero.

Kachitseko kofiira kanali ndi tcheni chatsopano, chofanana ndi cha pageti.

Ena anathamanga kubwerera pakhomo lalikulu. Anabwerako ndi yankho: lamulo latsopano likuti wotuluka salowanso. Mkati wezulo inalira. Chigawo chachiwiri chinayamba ife tili mumsewu, matikiti a chaka chonse ali m'matumba.

Kuseri kwa mpanda chimulu chimakwera motsetsereka, ndipo pamwamba pake bwalo lonse limaoneka. Tili ana tinkaonerapo mpira waulere. Anthu anayamba kukwera, ogwira udzu, okokana manja. A Hector, azaka 71, anakwera chokwawa akutukwana Pell, agogo ake a Pell, ndi mzinda wonse wa Leeds. Bambo anaponda kamodzi, kawiri, bondo linakana. Amuna awiri anati awanyamule.

"Muninyamule ngati thumba la malasha? Kwerani, mpira ukupita."

Ndinatsala nawo pansi. Tinaima pafupi ndi mpanda wa njerwa, wotalika kuposa ife, mizati ikungooneka nsonga zake.

Pamwamba anayamba nyimbo ya timu. Anaiimba mokalipa, mosafuna kukometsa, ndipo kunjako kunalibe chokuzira mawu choti chiwaphimbe. Phokoso ngati limenelo ndinali nditalimva komaliza mu 1998. Anyamata athu analimva. Tinkadziwa kuti akuyandikira chifukwa cha kugunda kwa matupi kuseri kwa njerwa, ndi mawu a kaputeni akuitana mpira. Kenaka chimulu chonse chinakuwa pamodzi.

"Wilf, tagoletsa," anakuwa a Hector ali pamwamba. "Wagoletsa mdzukulu wa mnzathu Fearon uja. Wadutsa atatu, wachinayi wam'nyamula pamsana. Wagwera pamalo ako penipeni, pamene umaima paja."

Bambo anali akuyang'ana njerwa. Zinali pafupi ndi nkhope yawo moti akanatha kuwerenga ming'alu.

"Wamva, Wilf?"

"Ndamva. Makutu sanatseke."

Mpira womenya pamizati unadutsa pamwamba pa mpanda, kugwera mumsewu n'kugubuduka mpaka pansi pa galimoto. Patapita kanthawi tcheni cha kachitseko kofiira chinalira, ndipo Craig anatuluka kudzautenga.

"Kiyi wapezeka?" ndinafunsa.

"Wa kuno ndili naye, achemwali. Wotolera mipira." Anagwada, anakoka mpirawo, n'kuima pamaso pa bambo. Nkhope yake inali yofiira. "Madala, tiyeni ndikulowetseni mwakachetechete. Akafunsa ndinena kuti munadwala, ndikukuperekezani kwa achipatala. Mukaima pakona, kamera siona."

"Ndi awa?" Bambo analoza pachimulu.

"Inu nokha. Ndikalowetsa enawo andichotsa ntchito."

"Ndiye ndilowe ngati wodwala, ndikabisale pakona kuti ndisaononge chithunzi."

"Sindikutero, madala."

"Ukutero. Bambo ako ndinaima nawo pachitsulo chimenecho zaka makumi atatu. Sitinabisalepo." Anandigwira mkono. "Verna, tiye kunyumba."

"Ababa, yatsala pang'ono. Tingopambana."

"Apambane. Tiye."

Harrowbeck inapambanadi, 22 kwa 16. Ife tinamva zimenezo pa wailesi ya m'galimoto, ndipo bambo anaitseka wolengeza asanamalize.

Lolemba tsamba la kalabu linalemba kuti njira zatsopano zayamba kubala zipatso, kuti chisangalalo cha chigawo chachiwiri sichinamvekepo pa Kiln Lane kwa zaka zambiri. Anaikapo kakanema. Kamera inajambula mbali ya tawuni ili pululu, koma maikolofoni ake, pokhala pamlongoti pafupi ndi chimulu, anatola nyimbo ya anthu amene anatsekeredwa kunja. Pell anadula chithunzicho kuti masitepe asaoneke, n'kusiya mawu. Ndinaonera kawiri kuti nditsimikize. Bambo sindinawaonetse.

Masewero otsatira, pa 30 Epulo, ndinapita kukawatenga. Anati mutu ukuwawa. Pa 14 Meyi sanatchulenso mutu, anangoti ayi. A Hector anabwera okha, anakhala nawo masana onse, anawatcha wamantha, wouma mutu, mkazi wamasiye wa ku Aldercroft. Bambo anawafulira tiyi, n'kuwauza kuti apereke moni kunyumba.

Pa masewero awiriwo olowa mkati anali 340 ndi 310. Pachimulu pankakhala anthu oposa zana. Otsatsa matayala anadandaula kuti dzina lawo likuimbidwa m'nyimbo zachipongwe. Mu Juni akuluakulu a kalabu anakumana, ndipo analengeza kuti amva madandaulo a ochemerera awo okhulupirika. Malona anachotsedwa. Anati geti la pakona litsegulidwa pa 25 Juni.

Ndinakawauza bambo Loweruka lake. Ndinawapeza atakhala kukhitchini, mbale ya dzulo ili patebulo, chakudya chili momwemo. Anali atawonda moti mphete ya ukwati inkazungulira pachala.

"Atsegula, ababa. Mawa tikuyenda ngati kale."

"Wabwera kudzandiuza ndani?"

"Ndine."

"Iwe sunatseke."

"Ababa, ndi malo anu. Musawasiyire munthu wobwera dzana."

"Ndinkayesa ndi anga. Mwana uja anandionetsa kuti ndinali wobwereka." Anasuntha mbale ija. "Pita iwe. Ukandiuze zigoli."

Ndinawakalipira, zimene sindinachitepo chiyambire. Ndinawauza kuti akudzilanga okha, kuti Pell sakudziwa n'komwe kuti kulibe. Anandimvetsera mpaka ndinatha mawu, kenaka anandifunsa ngati ndabweretsa mkaka.

Pa 25 Juni tinalipo 388. Lipenga litalira ndinayenda ndi a Hector kupita kupakona. Geti linali lotsegula, lopakidwa penti yatsopano. Pell anaima pamenepo ndi wojambula zithunzi, akupereka dzanja kwa aliyense wodutsa. Ena analilandira. A Hector anamupatsa pepala lamafuta lokulungira payi n'kupitirira.

Pell atandiona anandizindikira.

"Mayi, takulandirani. Mwaona, tamvera. Nanga madala aja ali kuti? Ndimafuna tijambulitse nawo, iwo ndi mbiri ya kalabu ino."

"Dzina lawo mukulidziwa?"

Anayang'ana wojambula uja, n'kuyang'ananso ine.

"Ali kunyumba," ndinatero. "Kumene munawaika."

Dzanja lake linali likadali m'malere. Ndinalilambalala n'kudutsa, chifukwa kumbuyo kwanga anthu anali kudikira.