Kambuku wa Mwendo Umodzi

Mphekesera imene ikuyenda kwathu sabata yonse ino ndi yoti kambuku amene anatseketsa kanjira ka m'nkhalango alibe mchira, amavala jombo, ndipo amamwa terere, tiyi wathu wa madzi ozizira, pakhonde. Ku golosale ya Ña Petrona anthu akumanong'onezana, ine ndikangolowa onse zii. Akudziwa kuti kambukuyo ndi bambo anga.

Bambo, a Eusebio, aperekeza alendo ku mathithi a Iguazú zaka makumi awiri. Mathithi akuluwo safuna wokulozera, mkokomo wake umakuitana wokha. Koma alendo oyenda m'tinjira ta m'nkhalango amafuna nyama, ndipo akowati, tinyama takuba ta mphuno zazitali tija, sawakwanira. Aliyense amafunsa yagwarete, kambuku wa kuno. Bambo anamuonapo kawiri basi chibadwire.

Ndiye anasema phazi la kambuku lamtengo. Mvula ikagwa ankalawirira n'kukadinda m'matope ofiira pafupi ndi kamtsinje. Alendo ankagwada, kujambula, mayi wina mpaka analira, eti. Dzina la bambo linatchuka.

Ine phazilo ndinalipeza m'thumba la chinangwa.

"Lurdes," anatero bambo, "pakamwa pakopo ndimapadziwa, ndi mathithi enanso. Ichi chokha umeze, wamva?"

"Ndamva, bambo."

Ndinamezadi, mwezi wathunthu. Kenako oyang'anira nkhalango anaona zithunzi za alendo zija. Anati kambuku akuyenda pafupi kwambiri ndi podutsa ana, natseka kanjirako milungu itatu. Operekeza alendo anzawo a bambo ankangokhala pachipata manja lende, kutukwana nyama yosalakwa. Abale, nkhani yotere kuisunga m'mimba! Inkanditentha.

Tsiku lina tikudya chipa, timikate ta chinangwa, pobwera kusukulu, ndinauza mnzanga Yanina.

"Koma usauze munthu, iwe."

"Ine? Mwana iwe, ndine manda."

Mandawo ali ndi mlamu, a Ovidio, woyang'anira nkhalango. Zimenezo ndinazikumbukira mawu atatuluka kale.

Lolemba masana a Ovidio anafika pakhomo. Bambo anawapatsa terere, iwo anamwa, n'kubweza chikho mwaulemu.

"Don Eusebio, kambuku wanuyu ndi wachilendo. Tayeza mapazi onse. Onse ndi akumanzere. Amachita kudumpha ndi mwendo umodzi ngati mwana wosewera?"

"Mwina anavulala," anatero bambo, akuyang'ana pansi.

"Achikulire, musandivutitse. Ine ndinaphunzira mayina a mbalame kwa inu. Bweretsani chinthucho."

Bambo analowa m'nyumba. Anatuluka ndi phazi lija, pamodzi ndi chiphaso chawo choperekezera alendo, osadikira kuti achipemphe. A Ovidio anachilandira osawayang'ana kumaso. Anati sichidzabwerera.

Tsopano bambo amadzukabe m'mamawa, kuvala malaya a ntchito, n'kukhala pakhonde. Mphepo ikachokera kumathithi amatembenuza mutu kumvetsera. Anzawo akale akadutsa amakuwa, "Yagwarete, lero sukusaka?" Mayi ayamba kuchapa zovala za kuhotela, manja awo asupuka. Salankhula zambiri, koma mbale amaziika patebulo mwaphokoso.

Chimene chikundipha ndi ichi. Bambo akuganiza kuti anadzigwiritsa okha.

"Zaka makumi awiri m'nkhalango," amatero, "n'kuiwala kuti nyama ili ndi miyendo inayi. Ndine chitsiru, mwana wanga."

Koma Yanina anandiuza kusukulu, akuseka, kuti za kumanzerezo palibe anaziona. Anthu onse aja anayeza milungu iwiri osazindikira kanthu, mpaka iye atanong'oneza mlamu wake kuti akayang'anenso bwino. Ndinamukoka tsitsi, aphunzitsi anatilekanitsa, koma zinathandiza chiyani?

Dzulo bambo anandiitana kuti ndiwathirire madzi ozizira mu terere. Anandigwira dzanja.

"Iwe wekha ndiwe unandisungira chinsinsi. Ndinkakunamizira kuti ndiwe wolongolola. Undikhululukire."

Madzi anatayikira pamwendo pawo, iwo anaseka, koyamba chichitikire zonsezi. Ine amene sinditha kukhala chete ngakhale m'tchalitchi, ndinangowapukuta madziwo. Ntchito yawathera, anzawo awathera, chatsala n'choti mwana wawo ndi wokhulupirika, ndipo chimenechonso ndi chosema ngati phazi lija.

Ndiye ndikufunseni inu mukuwerenganu: mukanakhala ine, mukanawauza?