Makope Obiriwira a Malemu Thorsrud

"Bokosi limenelo musalimate kaye, achimwene," anatero Lorna ataima pakhomo.

Warren anapitiriza kumata. Ndi mmene alili munthu ameneyu, ukamuuza kanthu amagwedeza mutu ngati wamva, manja ali pa zomwezo. Panali patangotha masiku atatu chiikireni maliro a bambo awo, a Alden Thorsrud, koma mabokosi anali atadzaza kale chipinda. Anthu a ku yunivesite anali atanena kuti abwera Lachisanu kudzatenga mapepala onse a malemu kuti aliyense wofuna azikawerenga.

"Mmenemo muli makope awo obiriwira," anatero Lorna.

"Ndi amene akuwafunitsitsawo. Zolankhula za ku Washington ali nazo kale, akufuna za nthawi ya utolankhani."

Paja tauni yonse ikudziwa kuti a Thorsrud anafika kuno pa sitima ali mtolankhani wa jekete limodzi, kenako anakhala bwanamkubwa wa dera lino, nthawi ija abwanamkubwa ankachita kusankhidwa ku Washington, mapeto ake n'kukhala seneta. Chinanso chimene tauni ikudziwa, ngakhale mwiniwake amakana, n'choti Warren akuufuna mpando wauseneta womwewo. Suti yovala Lachisanu anali atagula kale, ojambula atawaitana.

Belu linalira. Anali mayi Dolores Bacani, nkhalamba ya kufupi ndi doko, atanyowa ndi mvula, m'manja muli mbale ya nsomba yowamba. Lorna anawalowetsa. Mayiwo anapepesa maliro mwachidule, maso ali pa mabokosi.

"Ndamva pa wailesi kuti mukupereka makope," anatero. "Mwanangu, dzina langa lili mmenemo."

"Dzina lanu, mayi?"

Anakhala pampando n'kufotokoza. Ali mtsikana ankataipa makalata pa fakitale ya nsomba za m'zitini. Chaka china boti la fakitaleyo linamira ndi antchito khumi ndi mmodzi, ndipo panali kalata yosonyeza kuti bwana wa pamenepo anali atauzidwa kale kuti botilo likuchucha. Iwo ndi amene anaibisa kalatayo m'malaya n'kukaipereka kwa mtolankhani Thorsrud. Nkhani inatuluka m'nyuzipepala, bwanayo anamangidwa, ndipo anamwalira atangotuluka kundende.

"Bwana ameneyo anali mlamu wanga," anatero mayi Bacani, "mwamuna wa akulu anga. Lero ndimakhala kwa mwana wawo, Corazon. Ndiye amandisambitsa miyendo ikatupa. Mpaka pano akakumbukira amati, amene anapereka bambo anga ndikadzamudziwa. Amanena akundipatsa tiyi."

"Bambo anakulonjezani kuti sadzaulula?" anafunsa Lorna.

"Analonjeza. Koma ndinawaona ndi maso angawa akulemba dzina langa m'kope."

Warren anaika tepi yomatira ija pansi n'kumwetulira kumwetulira kwake kwa pamsonkhano kuja. "Mayi, zimenezo n'zakale, zaka makumi anayi. Anthu akawerenga adzati ndinu ngwazi."

"Ngwaziyo akaitulutsira katundu panja ikagona kwanu?"

"Ndinasaina kuti sitichotsa pepala ngakhale limodzi," anatero Warren akuyang'ana Lorna. "Ukudziwa zimene manyuzipepala angalembe? Mwana wa Thorsrud wabisa mapepala a bambo ake. Nthawi ino?"

"Nthawi ino yake iti, achimwene? Ya maliro kapena ya chisankho?"

"Usayambe, iwe."

"Ndayamba kale. Munasaina liti? Bambo ali m'chipatala kapena tili kumanda?"

"Iwe unali kuti ine ndikuthamanga ndi zonsezi?"

"Ndinali pano ndikuwasintha zofunda! Inu munkabwera Lamlungu ndi maluwa."

Warren anafiira mpaka m'makutu. Lorna sanadikire yankho. Anatenga kiyi wa galimoto m'thumba n'kung'amba tepi ya bokosi lija.

"Lorna! Ndawasanja motsatira zaka!"

"Ndiye mwandithandiza."

Koma kusanja kwa Warren, ayi ndithu. Makope a zaka za ubwanamkubwa anali atasakanikirana ndi a utolankhani, ena opanda deti, ena atamatirirana ndi chinyontho. Lorna anakhala pansi n'kumataya kope lililonse pambali, uku akudandaula. Warren ankatola n'kumabwezera, akunena kuti palibe kope lituluke m'nyumba muno. Mayi Bacani ankawayang'ana, chikwama atachikumbatira pamiyendo.

Patapita pafupifupi ola, Lorna analipeza la chaka cha boti lija. Warren anagwira mbali ina ya chikuto.

"Tiwerenga limodzi," anatero. "Ndipo sung'amba chilichonse."

Anatsegula. Panali deti, ndi mawu a bambo awo opendekera aja: Lero ndakumana kuseri kwa tchalitchi ndi... Pamene panayenera kukhala dzina panali kabowo, kodulidwa ndi lezala. Lorna anatembenuza tsamba. Kabowo kena. Tsamba lotsatira, tiwiri. Anatola kope lina, la nkhani ya migodi, lina la nkhani ya apolisi. Monsemo timabowo tokhatokha, paliponse pamene munthu anawauzapo chinsinsi.

"Awononga makope onse," anatero Warren, mawu atatsika. "Ndikawauza chiyani anthu aja?"

Lorna ankayang'anitsitsa timabowoto. Mapepala anali achikasu ndi ukalamba, koma modulidwamo munali moyera, ndipo mizere yake inali yokhotakhota. Pa tsamba lina panali kadontho ka magazi kouma. Anakumbukira mwezi wathawu, bambo ake akudzitsekera m'chipinda chino masana onse, n'kumatuluka zala zitakulungidwa pulasitala. Ankati adzicheka potsegula chitini, iye n'kumawakalipira kuti asiye kugwira mipeni.

"Ndione," anatero mayi Bacani.

Lorna anawapatsa kopelo. Mayiwo anavala magalasi, anawerenga mzere wonse pang'onopang'ono mpaka pa kabowo paja. Kenako anayendetsa chala m'mphepete mwake, pomwe lezala linaterereka n'kubwereranso.

"Manja a bambo anu anali atayamba kale kunjenjemera," anatero.