Nsomba yachisanu ya Enos

Chaka chimene anthu anayamba kutuluka m'malinga, Angoni atachepetsa kuzunza, Ethel NyaManda anatsala ndi ana atatu ndi gawo limodzi la khoka. Mwamuna wake ndiye anapota ulusi wa bwazi wa khokalo asanamire m'nyanja ku Makuzi. Eni ake a khoka anali anayi: mamasiyeyu, amuna awiri a m'mudzimo, ndi mlamu wake Enos, amene analinso mwini bwato.

Kwathu kuno nsomba timawerenga ndi manja. Zikakwana zisanu ndi dzanja limodzi, waunjika pambali, wayamba lina. Wowerenga anali Enos, ndipo kagawidwe kake kamandiwawa mpaka lero. Ankatenga dzanja limodzi, n'kupatsa aliyense nsomba imodzi. Anthu anayi, nsomba zisanu: imodzi inkatsala basi. Yotsalayo ankaiponya m'dengu lake, ati siigawika. Dzanja lotsatira, chimodzimodzi. Munthu wake ankachita zimenezi nkhope ili gwa, akuimba nyimbo imene anaphunzira kwa azungu ku Bandawe.

Tsiku lina khoka linatulutsa chambo manja anayi. Enos atagawa, aliyense anali ndi zinayi, iye zisanu ndi zitatu. Ethel anayang'ana zake, nakumbukira kondowole amene ana anadya dzulo lake ndi mchere wokha. Mtima unamupsa.

"Alamu, tulutsani zotsalazo tizione," anatero.

"Zotsala ndi zotsala, NyaManda."

"Dzanja lililonse lasiya imodzi. Manja anayi asiya zinayi, ife tilipo anayi. Nanga chosagawika n'chiti? Manja anayi, anthu anayi, aliyense anyamule dzanja lake."

Amuna awiri aja anayamba kuwerenga zala, kenaka n'kuyang'ana kunyanja ngati kukubwera mlendo. Ankadziwa bwino, inu. Kungoti bwato linali la Enos, ndipo khoka siliyenda lokha pamadzi.

Enos anaseka, nabweza nsomba zitatu. "Wanena zoona, mlamu wanga. Vuto n'lakuti tili anayi. Mawa ndikonza, sipadzatsalanso kanthu."

Ethel anapita kwawo ndi dzanja lathunthu, ndipo ana anadya mpaka kunyambita zala. Anakhulupirira kuti zatha. Ine ndinamumvera chisoni, pakuti fisi akagwa m'mbuna sayankhula, koma uyu anayankhula mokoma kwambiri.

M'mawa mwake khoka litafika pamchenga, panabwera mkazi wa Enos atabereka khanda losamera ndi dzino lomwe. Enos analimasula kumsana, nalikhazika pambali pa dengu.

"Uyu ndi Weston," anatero. "Kuyambira lero walowa m'khoka. Tsopano tili asanu, ngati zala."

Anatenga dzanja loyamba. Imodzi kwa uyu, imodzi kwa uyo, imodzi kwa Ethel, imodzi kwa iye mwini, yachisanu kwa mwana amene ankangoyamwa chibakera. Dzanja lachiwiri mpaka lachinayi, chimodzimodzi. Palibe inatsala. Amuna awiri aja anagwedeza mitu, ati masamu alongosoka.

"Ada Enos, mwana ameneyu wakoka chingwe chiti?" anafunsa Ethel.

"Nanga iwe wakoka chiti?" anayankha Enos osamuyang'ana. "Amene anapota khoka ali pansi pa nyanja. Ukafuna tibwerere pa anayi, nena. Wochoka timudziwa."

Ethel anatola nsomba zake zinayi, nazikulunga m'masamba.